Pano Sitibzala Mitengo

Munthuyo anafika Lachiwiri masana, nthawi imene dzuwa la ku Tete limathamangitsa ngakhale mbuzi kuti zikabisale kuseri kwa makoma. Anatsika pa chopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu kaja, atanyamula kachikwama kamodzi ndi chitini cha penti momwe munali kamtengo kosatalika kufika m'bondo. Kunkatentha moti malata ankalira okha, koma iye anali atakulunga mpango wakuda m'khosi.

Loveness, mtsikana wa mumpandamo, anali pampopi kuchapa matumba a mbatatesi pamene anamuona. Mlendoyo anali wamtali, wowonda ngati bango, wa imvi, chipewa chitatsikira m'maso, ndipo poyenda ankakoka mwendo wamanzere pang'ono. Sanapereke moni. Anangoima pachipata n'kumayang'ana zitseko za nyumba za lendi chimodzichimodzi, ngati munthu wofunafuna nkhope m'gulu.

Dona Belinha, mayi wachinyungwe amene anatenga mpandawo amalume ake atamwalira zaka zisanu zapitazo, anamufunsa m'Chinyungwe, kenako m'Chipwitikizi. Mlendoyo sanatsegule pakamwa. Anatulutsa kabuku ndi pensulo, nalemba. Dona Belinha anawerenga mokweza kuti dzina lake ndi Jacinto, salankhula, ndipo akufuna chipinda chakumapeto, choyang'anizana ndi ngalande.

Loveness anasiya kuchapa. Chipinda chimenecho sichinkaoneka munthu ukaima pachipata. Nanga iye anachidziwa bwanji?

Mpanda umenewo wa ku Mpadue unali wa anthu a kumtunda okhaokha, ochokera ku Tsangano ndi ku Angonia, ogulitsa mbatatesi, kabichi ndi nyemba kumsika. Ena anali atakhalamo zaka zoposa khumi, koma mukawafunsa, aliyense ankati wangobwera kudzagwira ntchito. Masutikesi sankalowa pansi pa bedi, ankakhala pafupi ndi chitseko. Khoma likang'ambika ankangotsekapo ndi katoni. Madzi otsukira mbale ankawakhuthula pakhomo pomwepo mpaka panachita ngalande yonunkha, ndipo palibe amene ankaganiza zoikumba bwino, poti pano sipanali pawo. Panalinso lamulo lina losalembedwa paliponse: munthu wa mumpandamo asafere ku Tete. Wina akadwala kwambiri ankamukweza pa lole ya Sandro, imene inkabwera ndi mbatatesi Lachitatu n'kubwerera yopanda kanthu Lachinayi m'mawa, kuti mpweya wozizira wa kwawo ukamuchize, ndipo zikakanika, akagone m'dothi lomudziwa.

Za fodya zinali chimodzimodzi. Akaweruka kumsika, amuna ankakhala pa thabwa lalitali pansi pa khonde la malata n'kumapichira fodya wa labu m'timapepala tililonse timene apeza. Akazi ena ankasutira kuseri kwa bafa. Munthu akawadzudzula, ankamulozera fumbi lakuda la malasha limene linkatera pa zovala zoyanikidwa, n'kunena kuti mpweya wa kuno ndi utsi kale, ndudu imodzi iwonjezerapo chiyani. Kusiya ankati adzasiya ndithu, koma kwawo. Mwamuna angapirire bwanji kutentha kwa kuno ndi kununkha kwa ngalande popanda chopumira?

Mkulu wa pathabwapo anali a Armindo, bambo ake a Loveness, ndipo iwo anali ndi umboni. Pamwamba pa bedi lawo panali chithunzi cha a Domingos, mnzawo amene anabwera naye ku Tete pa lole imodzi ali anyamata. A Domingos ankasuta kuposa aliyense, n'kumatsokomola mpaka kugwira khoma. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo anakwera lole ya Lachinayi kubwerera kwawo, kumudzi wa kuseri kwa mapiri kumene galimoto sizifika. Patatha chaka kunabwera chithunzicho: ataima kutsogolo kwa nyumba ya malata, atavala jekete, masaya ali phwii, mtengo wa mapichesi uli pambali. Kumbuyo kwake analembako kuti chifuwa chatha, fodya ndasiya. Onse amene ankawadziwa a Domingos anali atabalalika kapena kumwalira kupatula a Armindo, koma dzinalo linatsala pathabwa paja. Ngakhale anyamata obwera dzulo, akatsokomola ankaseka n'kunena kuti palibe kanthu, adzachita za Domingos.

Loveness anakula akulikonda dzinalo. Amayi ake atamwalira, iye ankagona akuyang'ana mtengo wa mapichesi uja, n'kumalota nkhungu ya m'mawa ndi mnyamata wina wosaoneka nkhope amene adzamuyembekezere pansi pake. Koma chaka chino analida. Bambo ake anali atayamba kulavula makhololo a magazi. Atawakakamiza kupita kuchipatala, adokotala anajambula chifuwa, naona kachithunzithunzi m'mapapo, ndipo anawapatsa kapepala koti abwerere mwezi usanathe kuti akawapime zambiri. Anati fodya asiye tsiku lomwelo, osati mawa. A Armindo anavomera mwaulemu, atagwira chipewa m'manja. Patatha sabata, Loveness anapeza theka la kapepala kaja m'chitini cha fodya. Theka linalo anali atapichira.

"Ababa, mwasuta tsiku lokaonana ndi adokotala?"

"Pepala lake ndi lofewa bwino," anatero iwo, nayamba kuseka mpaka kusekako kunasanduka chifuwa.

Madzulo a tsiku limene anafika, mlendo uja anabwera kudzakhala kumapeto kwa thabwa. Wina anamupatsa ndudu, iye anapukusa mutu. Jailos wogulitsa nyemba, poona kuti ndi munthu watsopano, anamufotokozera nkhani yonse ya Domingos, nawonjezera ng'ombe zinayi zimene pachithunzi panalibe. Loveness anali kupeta nyemba chapafupi ndipo anaona mlendoyo akutulutsa kabuku kake. Pensulo inakhala pamwamba pa pepala nthawi yaitali. Kenako anabweza zonse m'thumba, nanyamuka. A Armindo, amene nthawi zonse ankakonza nkhaniyo wina akailakwitsa, tsiku limenelo sanaikonze. Anapichira ina asanamalize yoyamba.

M'mawa mwake anthu anadzutsidwa ndi kulira kwa khasu pa mwala. A Jacinto anali kukumba dzenje pakhomo la chipinda chawo. Dothi la ku Mpadue ndi miyala yokhayokha, ndipo anakumba mpaka dzuwa kufika pamutu, akupuma pafupipafupi atagwira mpango uja. Atatha anabzala kamtengo kaja. Kanali ka nimu.

Mai Ester ogulitsa kabichi anaima pakhomo pawo manja ali m'chiuno.

"Abambo inu, pano sitibzala mitengo. Mukufuna kudzaikidwa pansi pake kodi?"

Amuna anaseka. Wina anati mwina ndi mankhwala, wina anati mbuzi za dona Belinha zithokoza. A Jacinto sanatembenuke. Anazungulira kamtengoko ndi minga, kenako anatenga khasu n'kuyamba kukhotetsa ngalande ija kuti madzi otsukira mbale azipita ku dzenje lawo. Pamasiku atatu, pakhomo la Mai Ester panauma koyamba m'zaka zambiri. Iwo sanathokoze, koma anasiya kunyoza.

Loveness anayamba kuwazonda. M'mutu mwake anawapangira mbiri zambirimbiri: kuti anali msilikali amene anaona zinthu zotsekereza mawu, kuti ankafuna mkazi amene anamusiya m'chipinda chomwecho kalekale, kuti pansi pa mpango panali chipsera cha mpeni wa munthu wansanje. Chinthu chimodzi chokha n'chimene anali nacho chitsimikizo. Akatsokomola, dzanja lawo silinkapita pakamwa. Linkapita pakhosi.

Koma amene anagwidwa anali iye mwini. Tsiku lina masana anali kuseri kwa bafa, atakhala pa mwala, akusuta fodya amene anatapa m'chitini cha bambo ake. Anali atayamba chaka chimene amayi ake anamwalira, ndipo ankadziuza kuti ndi za kuno zokha. Atakweza maso anapeza a Jacinto ataima ndi ndowa. Anafuna kubisa nduduyo koma utsi unamuulula. Iwo sanaonetse kukwiya. Anakhala pansi pambali pake, nalemba m'kabuku m'Chinyanja chooneka bwino: Kwanu ndi kuti?

"Ku Tsangano," anayankha.

Unagonako masiku angati?

Loveness anawerenga m'mutu. Anapitako kawiri, ulendo woyamba ali wakhanda, wachiwiri pa maliro a amayi ake. Pa ulendo wachiwiriwo anazizidwa mpaka kulira, ndipo asuweni ake ankamutchula kuti wa ku Tete, n'kumaseka mmene ankasakanizira Chinyungwe polankhula. Anati masiku asanu ndi anayi.

Nanga zaka zina zonsezi unali kuti?

Loveness anayang'ana khoma la bafa pomwe panali mizere imene amayi ake ankalemba ndi khala poyeza msinkhu wake. Anayang'ana kutali, kumene mtsinje wa Zambezi unkanyezimira kuseri kwa madenga ngati lata latsopano. Nduduyo inapsa yokha mpaka kumuotcha chala.

Kenako anawauza zonse za bambo ake, za magazi ndi za kapepala kaja. Anati akanakhala ndi mphamvu akanang'amba chithunzi cha Domingos, chifukwa munthu ameneyo akupha bambo ake ali phee pansi pa mapichesi. A Jacinto anamvetsera mutu uli pansi. Analemba, nafufuta, nalembanso. Zimene anamuonetsa zinali zochepa: Ndinabwera kudzanena chinthu china. Ndikuopa. Loveness anaganiza kuti ndi za mkazi uja amene anawapekera m'mutu mwake, ndipo anawauza mwachifundo kuti asafulumire, nthawi ilipo.

Nthawi panalibe. Kuyambira tsiku limenelo Loveness ankathirira nawo kamtengo kaja, ndipo kanatulutsa timasamba tatsopano tofiirira, koma a Armindo ankasuta ngati munthu wothamangitsidwa. Chithunzi anachitembenuzira kukhoma, nati fumbi likuchiwononga. Akakumana ndi mlendoyo pampopi ankayang'ana kumbali. Lachitatu la sabata yachinayi, akuthandiza kutsitsa matumba pa lole ya Sandro, anagwada pansi mwadzidzidzi, ndipo magazi anathimbiritsa thumba lonse la mbatatesi.

Anawanyamulira m'nyumba. Loveness anathamanga kukaitana chopela, koma pobwera anapeza akuluakulu a mumpanda atadzaza chipinda, nkhani itatha kale. Jailos anamuuza mofatsa kuti kuchipatala cha kuno munthu wa kumtunda akalowa ali chonchi amatulukira khomo lakumbuyo, ndipo akatero adzaikidwa m'miyala yotentha pakati pa anthu osawadziwa. Mai Ester anati lole ikunyamuka mawa, Mulungu waikonza yekha. Loveness anawakumbutsa kuti ulendowo ndi wa tsiku lonse m'fumbi ndi m'mabampu, ndipo kumudziko kulibe makina ojambulira chifuwa. Anamuyankha kuti kuli mpweya. Anatchulanso Domingos. Bambo ake, ali chigonere maso ali kudenga, anangoti sutikesi ili kale pakhomo.

Atatuluka kukachotsa misozi, anaona a Jacinto ataima panja pa zenera. Anali atamva zonse.

Lachinayi m'mawa kunacha kotentha kale. Anayala matumba opanda kanthu kumbuyo kwa lole, nagonekapo a Armindo, sutikesi kumutu. Loveness anakwera nakhala pambali pawo, poti sakanawasiya apite okha. Anthu onse a mumpanda anatuluka kudzatsazika, ena akupereka timaphukusi ta sopo ndi shuga toti tikafike kwa abale. Sandro analiza injini.

Loleyo inangoyenda pang'ono n'kuima. A Jacinto anali ataima pakati pa chipata.

"Madala, tapatukani, dzuwa likukwera," anatero Sandro atasuzumira pazenera.

Iwo sanapatuke mpaka injini itazima. Kenako anazungulira kumbuyo, akukoka mwendo uja, nakwera movutikira. Anagwada pafupi ndi a Armindo pomwe aliyense ankawaona. Anavula chipewa. Anayamba kumasula mpango, kuzungulira kamodzi, kawiri, katatu.

Panalibe chipsera cha mpeni. Pansi pa kholingo panali bowo lozungulira, lotha kulowa chala chachikulu, ndipo mpweya unkalowa ndi kutuluka pamenepo ndi kamluzu kakang'ono. Mai Ester anagwira pakamwa. Jailos anali ndi ndudu m'manja ndipo anaibisa kumbuyo ngati mwana.

A Armindo sanadzidzimuke. Anayang'ana bowolo nthawi yaitali, kenako nkhope ya mwini wake.

"Ndinakuzindikira ukulowa pachipata," anatero ndi mawu otsika. "Mwendo umenewo ndinali pomwepo tsiku limene thumba linakugwera. Ndimangopempha kuti usanene."

Mlendoyo anagwedeza mutu.

"Nyumba ya malata ija inali yako?"

Anapukusa mutu.

"Jekete?"

Anapukusanso.

"Ndiye kuti sunasiye."

Mlendoyo anatulutsa kabuku, natsegula tsamba limene linkaoneka kuti linalembedwa kalekale, poti m'mbali mwake munali mutada ndi zala. Anapatsa Loveness. Iye anawerenga mokweza. Munalembedwa kuti atafika kwawo anapeza munda wake utagawidwa, ndipo abale ankamutchula kuti mlendo wa ku Tete. Kumeneko anasuta kuposa kuno, akudziuza kuti adzasiya akadzapeza pokhazikika. Chithunzi anajambulitsa pa nyumba ya aphunzitsi, ndi jekete yobwereka, chifukwa cha manyazi. Mawu ake anawasiya pa tebulo la madokotala ku Beira zaka ziwiri zapitazo, ndipo anamuuza kuti akanabwera msanga akanatuluka nawo. Atamufunsa kuti akupita kuti akachira, anapeza kuti malo okhawo amene ankawadziwa chitseko chilichonse anali mpanda wa ku Mpadue.

Mbuzi ina inali kuyesa kulowetsa mutu m'minga ya kamtengo kaja.

A Armindo anatseka maso. Loveness anaganiza kuti akomoka, koma anaona misozi ikutsikira m'makutu. Anagwira dzanja la mnzawoyo, nalikoka mpaka pachifuwa pawo.

"Unachedwa, mbale wanga. Sabata zinayi zonse uli phee."

Anatsokomola, ndipo pa nsalu imene Loveness anawaikira pakamwa panatsala magazi ambiri kuposa a dzulo. Atapeza mpweya anaitana Sandro. Anamuuza kuti akafika pamsewu waukulu asalowere ku mlatho, akhotere kutauni, kuchipatala. Jailos anayamba kunena za miyala yotentha ndi dothi la makolo.

"Mwana wanga anabadwira m'chipinda icho," anatero a Armindo. "Zikavuta, akandiike pomwe angamabwere wapansi."

Sandro anatsitsa timaphukusi ta sopo ndi shuga tija n'kutiika pansi, nati adzatitenga pobwera. Sutikesi nayo anaitsitsa, ndipo palibe amene anadziwa koiika. Inangokhala pakati pa bwalo. Lole itayamba kuyenda, Loveness anacheuka. Mai Ester anali kuthamangitsa mbuzi ija pa kamtengo. Amuna anali kubwerera ku thabwa lawo mmodzimmodzi, ndipo loleyo isanakhote, anaona kautsi koyamba kakukwera pansi pa khonde la malata.

Msewu unali wa mabampu. Bambo ake ankapuma mofulumira, milomo itatuwa, ndipo Loveness sankadziwa ngati adokotala adzanena kuti afika nthawi yabwino kapena adzangoyang'ana pansi. Mlendoyo anali atawatchingira dzuwa ndi chipewa chake, mpango uli pamiyendo, kamluzu kaja kakumveka pakati pa phokoso la injini.

Loveness ankalidziwa kale dzina lenileni la mlendoyo, monga mmene onse a mumpanda anadziwira, ngakhale palibe amene analimba mtima kulitchula. Komabe ankafuna kuliona ndi maso. Anatambasula dzanja. Mkuluyo anamvetsa. Anapisa m'thumba la malaya, natulutsa khadi la kuchipatala cha ku Beira, lopindika ndi lonyowa ndi thukuta. Panali kachithunzi ka nkhope yowonda, yopanda jekete, yopanda mapichesi. Pansi pake panalembedwa ndi zilembo za makina: Domingos Yamikani Chimbalanga.